Mutu wa Nagat

Fatheya anagogoda chitseko cha Nagat ndi phazi. Zaka khumi ndi zinayi zinali zitatha osalankhula naye mkazi wachiwiri wa mwamuna wakeyu.

Koma khansa inali itamubwereranso Hamdi, mwana wa Fatheya, mankhwala onse atalephera. Madokotala a mumzinda wa Mansoura anayeza abale onse n'kupeza mmodzi yekha woti angamupatse maselo a m'mafupa: Wael, mwana wa Nagat.

"Ii, Umm Hamdi, amake Hamdi enieni! Mwasochera kodi?" anatero Nagat, mpeni wa anyezi uli m'manja.

"Usandichedwetse iwe. Ndikufuna mwana wako kuchipatala. Zibangili zagolidezi, tenga zonse."

"Golide ndili naye. Anandigulira amuna athu."

"Nanga ukufuna chiyani?"

"Tsiku la ukwati wanga munandilavulira msewu wonse ukuona. Mundipepese pondipsompsona pamutu, pakhonde pompano."

Zitseko za anansi zinali zitayamba kale kutseguka. Fatheya anaugwira mutuwo ndi manja awiri ngati akusankha chivwende pamsika, n'kuupsompsona mwamphamvu mpaka mano anagunda fupa.

"Ndapepesa. Mawa m'mawa akafike."

Nagat anakonza mpango wake mosafulumira. "Wael anakasaina kale kuchipatala dzana kuti apereka. Sanandifunse n'komwe. Akuti Hamdi ndi mkulu wake."

Fatheya anamuyang'ana, nayang'ananso anansi aja mmodzimmodzi. Kenako anaweramitsa mutu wake wa imvi mpaka pachifuwa pa Nagat.

"Wandigulitsa katundu woti si wako. Bweza."