Makiyi Operekedwa Pawindo la Minibasi

Panali munthu wina cha ku Chinakanaka, dzina lake a Hudson Muhiwa, amene ankayang'anira nazale ya tiyi ya kalabu ya alimi. Anali munthu wosamwa, wosunga nthawi, ndipo dzina lake linalibe banga. M'nazalemo munali mabedi makumi anayi a mbande zimene alimi ankayembekezera kubzala mvula ikagwa. Mbande ya tiyi imaleredwa kupitirira chaka, koma m'dzuwa la Okutobala ikangosowa madzi masiku angapo, yapita.

Mwezi womwewo a Muhiwa anaitanidwa ku maphunziro ku Blantyre kwa masabata atatu. Panafunika munthu womusiyira ntchito.

Panazalepo panali mayi Esteri, amene anagwirapo zaka khumi ndi zinayi. Panalinso Bonface, bambo amene anali atangotha miyezi inayi pantchito. Bonface anali wapakamwa pokoma. Mawu aliwonse ankayamba ndi "bwana", ndipo m'mawa uliwonse ankapukuta njinga yamoto ya kalabu imene a Muhiwa ankayendera.

Mayi Esteri anati, "Bambo, musanapite mutisonkhanitse tonse. Mutiuze amene akutsala m'malo mwanu, ndi amene tikamuuze zinthu zikavuta. Mulembenso papepala, likhale kukomiti."

"Mayi Esteri, mwayamba liti kundiphunzitsa ntchito?" anayankha a Muhiwa. "Kathirireni."

Sanasonkhanitse munthu, sanalembe kanthu. Bonface anawanyamulira chikwama mpaka pasiteji pa Chitakale. Minibasi ikunyamuka, a Muhiwa anatulutsa dzanja pawindo, nam'patsa makiyi a kanyumba ka pampu ndi a njinga yamoto.

"Zonse ndasiya kwa iwe. Madzi m'mawa ndi madzulo, osadumphitsa."

"Bwana, pitani mtima uli m'malo. Mudzazipeza zikuseka."

Tsiku lachitatu antchito anapeza kanyumba ka pampu kali kotseka. Bonface anali atatenga njinga kukachita kabaza pa Boma, makiyi onse ali m'thumba. Mawa lake chimodzimodzi. Mayi Esteri anaimbira a Muhiwa foni.

"Bambo, pampu yatsekeredwa, a Bonface akumabwera dzuwa litapendeka. Tiloleni tithyole loko."

"Musakhudze loko ameneyo! Bonface akunditumizira zithunzi tsiku ndi tsiku, mbande zili biriwiri. Nsanje imeneyo, mayi. Chilichonse muzimuuza iyeyo." Anadula foni.

Atamuuza Bonface, iye anangoseka. "Mayi, mukufuna udindo? Kafunsireni ku Blantyre."

Mayi Esteri ndi amayi anzawo atatu anatenga ndowa nayamba kutunga madzi kumtsinje, kutali ndithu. Anasenza mpaka makosi kutupa. Mphamvu zawo zinakwanira mabedi asanu ndi limodzi okha, a pafupi ndi geti.

A Muhiwa atabwera analowa pageti akumwetulira, chifukwa mbande zoyamba zinali zobiriwira. Atapitirira pang'ono anaima. Kuyambira bedi lachisanu ndi chiwiri mpaka kumpanda, masamba anali ofiira, ongofumbutuka m'manja. Anatulutsa foni nayang'ana zithunzi zija. Zonse zinali za mabedi omwe aja a pageti. Bonface ankafika madzulo, n'kujambula thukuta la mayi Esteri, n'kutumiza.

Komiti inaitanitsa msonkhano. Alimi anabwera ambiri, ena atakumba kale maenje m'minda mwawo. Wapampando anafunsa kuti zinatheka bwanji.

"Ntchito yonse ndinasiyira Bonface," anatero a Muhiwa.

Bonface anaimirira, atavala malaya oyera. "Ine? A wapampando, ine ndine wothirira wamba, wa miyezi inayi. Munthu wanzeru angasiye nazale yonse kwa ine pamene mayi Esteri alipo? Anangondisungitsa makiyi. Si awa? Kalata yondipatsa udindo ili kuti? Anamva ndani?"

"Bonface, iwe! Pa Chitakale paja sunati ndidzazipeza zikuseka?"

"A Muhiwa, pasiteji pamakhala phokoso."

Aka kanali koyamba kuwatchula dzina. Ubwana uja unali utatha.

A Muhiwa anatembenukira kwa mayi Esteri. "Mayi, chonde, auzeni anthuwa."

Mayi Esteri anaimirira, nakonza chitenje. "Bambo, ine ndimapemphera, sindinganame. Makiyi ndinawaona kwa a Bonface, ndipo njinga ankachitira kabaza. Koma mawu oti iwo ndiwo atsale m'malo mwanu, inu simunatiuze musanapite. Amene ndinamva bwino ndi oti ndisakhudze loko."

Wapampando anafunsa, "A Muhiwa, anakuimbirani foni mayiwa?"

"Anandiimbira."

"Munachitapo chiyani?"



Bonface anachotsedwa chifukwa cha njinga, ndipo sizinamupweteke. Mpaka lero akuchita kabaza pa Boma. A Muhiwa anachotsedwa chifukwa cha nazale, ndipo dzina lawo labwino linathera pomwepo. Makiyi anaperekedwa kwa mayi Esteri pamaso pa anthu onse, ndi kalata yosainidwa. Mvula itagwa, maenje a alimi aja anadzaza madzi okhaokha.

Phunziro: Mtsogoleri, kugawa ntchito si kutaya ntchito. Sankhani munthu poona ntchito zake, osati kukoma kwa pakamwa pake. Nenani pamaso pa onse kuti wakuti achita chakuti, mulembe, ndipo mutchulenso wachiwiri woti athandize zikavuta. Wantchito wakale akakuchenjezani, fufuzani musanamutche wansanje, ndipo musakhutire ndi zithunzi za pafoni. Makiyi mungapereke, koma mlandu umatsala ndi inu. Tumizani nkhaniyi kwa akapitawo, aphunzitsi aakulu, akulu a mpingo ndi aliyense amene ali ndi anthu pansi pake, aiwerenge asanakwere minibasi.