Anasokera Khanda Yunifolomu ya Sukulu

Panali kalipentala wina amene mkazi wake anali telala. Atabereka mwana wawo woyamba, mkaziyo anasintha. Kudya kunali kokakamiza, tulo osabwera, ndipo mwana akalira, nayenso ankalira.

Namwino wa kusikelo anamuitanira pambali kalipentalayo. "Bambo, akazi anuwa akudwala matenda a maganizo. Amagwira amayi ena akangobereka. Mubwere nawo tiwathandize."

Iye anangoseka. Amayi ake, amene anabwera kudzathandiza kulera, anawonjezera moto: "Ndi ulesi umenewo. Ife tinabereka osachita zimenezi."

Kenaka mkazi uja anabwerera pa makina. Anasoka kadiresi ka mwana woyenda, kena kokulirapo, mpaka yunifolomu ya sukulu, khandalo lisanayambe n'kukhala komwe. Kalipentala n'kumadzitama kwa anzake kuti mkazi wake wachira, akuganiza zam'tsogolo. Amuna ena maso ali nawo ongokongoletsa nkhope.

Tsiku lina masana, apongozi aja akufuna thewera m'kabati, anapeza zovalazo zitasanjidwa bwinobwino, kakang'ono pamwamba, yunifolomu pansi. Kenaka anapita kukagwada pambali pa makina.

"Mwana wanga, bwanji osadikira akule, uzimuyeza?"

Mkaziyo sanadzutse mutu. "Ine sindidzakhalapo, amayi. Nonse mukuona kuti umayi wandikanika. Bola mumulere inu."

Apongozi anagwetsa misozi. "Mng'ono wanga anakonzeratu chonchi zinthu za mwana wake, ife n'kumamuyamikira. Mapeto ake tinamuika m'manda. Iwe sindikutaya."

Anakamulanda sowo kalipentala uja ku shopu, ndipo tsiku lomwelo onse atatu anali kuchipatala. Kalipentala anamva zonse mutu uli pansi. Zimandizizwitsa mpaka lero kuti pakamwa pa apongozi pomwe pankamunyoza mkaziyo ndi pomwenso panamupulumutsa.

Mkaziyo anachira pang'onopang'ono, ndi thandizo la madokotala komanso la pakhomo. Mwana atafika poyamba sukulu, anatulutsa yunifolomu ija. Inamuthina m'khwapa, mabatani osakumana. Telala uja anaseka mpaka misozi, anatenga lumo, anamasula msoko n'kumuyeza mwana wake ndi manja ake.

Phunziro: Mayi akangobereka n'kumalira, osadya, osagona, musamunene kuti ndi waulesi. Mufunseni, mumvetsereni, ndipo pitani naye kuchipatala msanga. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka azibambo ndi apongozi, mwina kwinakwake wina akupinda zovala pompano.