Tsiku Limene Anamutsekera Kafukufuku

Kafukufuku anangolowa m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yake yometera kuti atenge jekete, chitseko n'kungoti gwa! Loko naye khatcha! Anthu awiri anamveka akuthamangira kumsewu.

"Ndani ameneyo? Iwe! Tsegula!"



Anakhala pa chidebe chakale cha penti n'kuyamba kumwetulira. Eetu, kumwetulira. Munthu wamba samutsekera pa tsiku la chisankho. Amatsekera munthu amene pakamwa pake akupaopa.

Dzina la Kafukufuku anamupatsa ndi anthu odzameta. Ukakhala pampando wake, makina ali m'mutu, ulibe kothawira, ndiye amakugawira mipando ya ku nyumba ya malamulo chigawo ndi chigawo, ngati mavotiwo anagona nawo pamphasa imodzi. Chaka chino anali atamaliza kale masamu: chipani cha Ketulo mipando 104, chipani cha Fosholo 71, yotsalayo alimbirane oyima paokha. Ndipo anthu ankamvetsera ndithu. Akangotchula dzina la wopambana, m'shopu munkagwa bata, ena n'kutuluka mutu wometa theka kukauza anzawo. Andale angapo iye anawaloserapo mpando zaka za m'mbuyomu, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzathokoza. Andale alibe zikomo.

Za dera lawo lokha ndi zimene anali asanaulule. Woyimira Ketulo m'deralo anali alamu ake enieni, amuna a achemwali ake. Achemwali amenewa ndi amene anamulera makolo atamwalira, ndipo kampeni itawawotcha anagulitsa mpaka makina awo osokera. Mwezi wonse ankamupempha kuti, "Achimwene, sungani kaye mawu anu, adani angatidziwe mphamvu." Iye anasunga, ngakhale mawuwo ankamuyabwa kukhosi. Koma dzulo lake anamva kuti mtolankhani wa wailesi adzakhala pasukulu poponyera voti m'mawa wokha, kufunsa anthu pamzere mmene akuonera. Pomwepo analengeza m'shopu modzaza anthu kuti mawa dziko lonse limva za alamu ake.

Ndiye taonani lero. Akazitape a Fosholo anamva, mantha awagwira, amutsekera. Amphawi a nzeru!

Mtima unamuwawa ataganiza za achemwali ake. Chuma analibe choti awathandize nacho, galimoto analibe. Anali ndi pakamwa pokha, ndipo lero ndi pamene pakanawabwezera zabwino zonse. Anthu ambiri pamzere amakhala asanaganize bwino, amangofuna kumva kumene mphepo ikulowera. Akangolankhula iye pa wailesi, basi, mpando walowa m'banja.

Anagunda chitseko ndi phewa. Chitseko sichinamve kanthu, phewa ndi limene linamva. Anakuwa mpaka mawu kusasa, koma mashopu oyandikana nawo onse anali otseka, eni ake ali kumzere. Kunatsala kawindo kakang'ono kumtunda, kamene ngakhale mphaka wonenepa akanayamba wakaganizira kawiri.

Anasanjikiza chidebe pa kreti n'kukwera. Mutu unatuluka bwinobwino. Mapewa anatuluka mokangana. Mimba inakana. Anatsala lende pakati, miyendo m'nyumba, mutu kunja, akupuma ngati mvukuto.

"Akulu, mukutani pamenepo?"

Anali wogulitsa makala wa pakona, munthu wa Fosholo wodziwika dera lonse, woti ngakhale galu wake sadya m'mbale ya Ketulo.

"Anzako anditsekera kuti ndisakalosere alamu anga pa wailesi! Mwalemba m'madzi!"

Wamakalayo anaponya thumba pansi msangamsanga, n'kumugwira manja onse awiri. Anakoka ndi mtima wake wonse, thukuta kamukamu, mpaka Kafukufuku anasolokera kunja, buluku litang'ambika kuchokera m'chiuno mpaka m'bondo. Anamudzutsa, anamusasa fumbi, n'kumubwereka njinga yake yomwe.

"Fulumirani akulu, mtolankhani angachoke!"

Chikumbumtima chamupweteka ameneyu, anatero Kafukufuku mumtima akupalasa. Ngakhale mu Fosholo muli anthu.

Pasukulu mzere unali utazungulira bwalo la mpira. Amayi anali ndi ana kumbuyo, madoda atafunda nyuzipepala kumutu chifukwa cha dzuwa. Atamuona akubwera, wakuda bii ndi makala, buluku likuuluka, anthu anapatuka okha, ena atagwira pakamwa. Mtolankhani anali akupinda kale chingwe chake. Kafukufuku anadumpha panjinga n'kugwira maikolofoni ndi manja awiri.

"Ndine Kafukufuku, amene adani anafuna kumutseka pakamwa m'mawa uno. Lembani! Ketulo mipando 104, Fosholo 71. Ndipo mpando wa dera lino, ndikulumbira pali mayi anga kumanda, watengedwa kale ndi alamu anga a Ketulo!"

Mawuwo anamveka m'mafoni ndi m'timawailesi ta anthu mzere wonse. Bwalo linangoti chete. Kafukufuku anatulutsa chifuwa, misozi ili m'maso. Ngongole ya kuleredwa anali ataibweza.

Nthawi yomweyo achemwali ake anatuluka m'chipinda choponyera voti, inki isanaume pachala. Anamuyang'ana mlongo wawo, anayang'ana maikolofoni, kenaka anatembenukira madoda awiri a Ketulo amene anaima pamthunzi akuyang'ana pansi.

"Sindinakuuzeni kuti mukhomenso kawindo?" anakuwa mayiwo, manja ali kumutu. "Aliyense amene munthu uyu anamuloserapo mpando anagwa chagada! Mayo ine, achimwene, mwatipha!"

Kumapeto kwa mzere, amayi a Fosholo anayamba nthungululu.