Uthenga Wodukira pa Mpanda

Kompyuta ya m'mudzimo inali imodzi yokha, yaikulu ngati nkhokwe, ndipo banja lililonse linali ndi chipinda chake m'kati mwake. Kale zipindazo zinkalankhulana. Koma Lolemba kunabwera lamulo lakuti chipinda chilichonse chitchingidwe ndi mpanda, mawu asamadumphire kwa mnansi.

Mpandawo unatsekedwa a Matewere, bambo wamasiye wa kutsidya kwa dambo, ali pakati polembera a Nachisale. Uthenga unafika wodukira: "Mayi, ndakhala ndikufuna kukufunsani ngati mungandilole..."

"Ndiwalole chiyani?" a Nachisale anafunsa mlamu wawo Gaveni, woyang'anira makinawo. "Tatsegulaniko pang'ono, ndione kumchira kwake."

"Sizitheka, alamu. Mpanda womwewu ndi umene waletsa anansi anu aja, a Nabanda, kusuzumira makalata anu akuchipatala. Mwina bamboyo angofuna kubwereka wilibala."

"Wobwereka wilibala sayamba ndi 'ndakhala ndikufuna', inu!"

Anapirira masiku awiri. Kenako anavala chitenje chimene ankachisungira maukwati, n'kuwoloka dambo wapansi, m'kanjira komwe kanali katamera udzu chifukwa anthu analeka kuyenderana chibwerere kompyutayo. Atafika pakhomo anaima kaye, akufunafuna liwu limene anali asanalitchule kwa zaka zambiri.

"Odi!"

M'nyumbamo mpando unagwa. A Matewere anatulukira, mabatani a malaya atawamanga mosemphana.

"Odini, mayi. Inetu ndimati ndibwere mawa."

"Ndafika kale. Malizitsani zija. Ndikuloleni chiyani?"

Bamboyo anakonza mabatani aja.

"Kuti ine ndi inu tikhale mpanda umodzi."