Matumba Atatu Oduka Malamba

Mwini lesitilanti anakhuthula chikwama patebulo la Atelala. Munatuluka matumba atatu a nsalu opachikira miphika ya maluwa, malamba ataduka, dothi n'kumwazikira pamabulashi ndi pazitini za penti. Thumba lachinayi, labwinobwino, analiika pambali.

"Ili lagwa dzulo masana, anthu akudya," anatero, akuloza thumba lojambulidwa mbalame zachikasu. "Mphika unangotsala pang'ono kuphwanya mutu wa mwana. Awiriwa anagwa sabata yatha. Mundiuze chomwe chalakwika, mayi. Apo ayi, matumba a lesitilanti yanga yatsopano ndikasoketsa kwina."

Atelala anapsa mtima kwambiri. Zaka makumi atatu ali pamakina, palibe ndi mmodzi yemwe anabwezapo katundu wawo. Thumba lililonse ankalidula okha, kulisoka okha, kenako n'kulipenta mosamala mpaka ulusi kubisika mu utoto. Anthu ankachita kulitembenuza kufunafuna msoko. Ndiye lero munthu adzawaimirire m'chipinda chawo chomwe, n'kumawalankhula ngati wophunzira kusoka?

Koma mkwiyowo sunali pa mlendoyo. Wochita zimenezi ankamudziwa, ndipo nthawi imeneyo anali kuseri akuchapa.

Anali mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wachisamba. Mtsikanayu asanakwatiwe ankagwira ntchito kufakitale yosoka matenti, ndipo chibwerereni ankangoyendayenda pafupi ndi makina ngati anaiwalapo chinthu. Tsiku lina anayesa kunena kanthu za kasokedwe ka matumbawo. Atelala anamudula pakamwa. Wosoka matenti angauze chiyani munthu wojambula maluwa?

Ndiye miyezi inayi yapitayo, m'mawa wa tsiku lokapereka matumba makumi atatu ku lesitilanti, anamupezerera. Anali atakhala pampando wawo, lezala ili m'manja, akudula msoko wa lamba. Atatu anali atawamasula kale. Atelala anamulanda, kumutulutsa, n'kusokanso atatuwo okha uku akutukwana chamumtima. Kuyambira tsiku limenelo kiyi wa chipindacho ankagona m'thumba la diresi lawo. Koma funso limodzi linkawadya: asanamugwire, anali ataononga angati? Yankho lake ndi ili linali patebuloli.

"Dikirani pang'ono," anauza mlendoyo, kenako anakuwa chapakhomo. "Iwe! Tabwera kuno!"

Mpongoziyo analowa akupukuta manja, thovu lili m'zigongono. Anapereka moni kwa mlendo, n'kuima pafupi ndi chitseko.

"Taona ntchito yako," anatero Atelala, akumuponyera lamba woduka kumapazi. "Wasangalala? Ndinakulandira m'nyumba muno ngati mwana wanga, iwe n'kumandidula miyendo ndi lezala! Unkafuna dzina langa life kuti anthu azibwera kwa iwe? Ukanapha mwana wa eni ake, wamva?"

"Amayi, ndikanakonda mukanandimvera kaye..."

"Khala chete! Ndinakumvera kokwanira. Mwamuna wako akaweruka akupeze utalongedza. M'nyumba mwanga simukhala munthu wanjiru."

Mtsikanayo anaweramitsa mutu, misozi ili lengelenge. Atelala sanamumvere chisoni ngakhale pang'ono. Kulira kwa munthu wogwidwa ankakudziwa bwino.

Mwini lesitilanti anakhosomola. Za m'banja la eni ake sizinkamukhudza, iye ankafuna kudziwa ngati miphika yotsalayo ikhale m'mwamba kapena aitsitse lero lomwe.

"Enawo ali bwanji?" anafunsa Atelala.

"Ndinakwera pamakwerero n'kuwakoka limodzilimodzi. Onse makumi awiri ndi asanu ndi awiri ali gwa. Timathirira tsiku lililonse, koma sakusonyeza kutopa. N'chifukwa chake ndabwera nalo ili, kuti muone kusiyana kwake. Ine ndikufuna matumba osokedwa chonchi basi."

Atelala anapumira m'mwamba. Ananyamula thumba labwinolo ndi manja awiri n'kuliyandikiza kumaso kwa mpongozi wawo.

"Wamva? Amene sunawakhudze ali gwa! Dzanja langa ndi limeneli. Tayang'anitsitsa, mwina ungaphunzirepo kanthu usanapite."

Analitembenuza kuti aonetse mlendoyo mmene lamba amalumikizira. Pansi pa mpendero panali msoko wopingasa, wobwereza kawiri, wa ulusi wonyezimira wa nayiloni. Iwo nayiloni sankamugwira n'komwe, chifukwa penti imakana kumatirira. Ankasokera ulusi wa thonje, umene umamwa utoto bwino.

Anatola limodzi la odukawo. Ulusi wake unali wa thonje, wopakidwa penti mwaluso. Unali utamwa madzi othirira miyezi inayi, ndipo atangoukhudza unanyenyeka m'zala. Anatola lachiwiri, kenako lachitatu. Chimodzimodzi.

"Enawo ndinali nditamaliza kuwasokanso, Amayi," anatero mpongoziyo motsitsa mawu. "Atatuwa ndi aja munandilanda."