Misozi ya Khansala Ngozo

Mfundo yachitatu inali ya masikono. Komiti ya chitukuko inakangana nayo mpaka dzuwa kufika paliwombo: pamisonkhano azidya masikono kapena mandasi? Mbali ya masikono inapambana. Kenaka anavomereza mipando yatsopano ya mamembala, alawansi yonenepako, ndi ulendo wokaona momwe anzawo a boma lina amachitira misonkhano. Pa zimenezi panalibe wotsutsa. Manja ankakwera okha, mwina chifukwa msonkhanowo unkachitikira m'kalasi.

Zelesi anakhala pa desiki yakumbuyo, pafupi ndi zenera. Ankaimira amayi a kwa Gwaza, mudzi wa kuseri kwa phiri kupitirira Kandeu, ndipo chimene anadzera chinali mfundo yomaliza: mjigo umodzi wokha wa chaka chino ukumbidwe kuti? Kwa Gwaza anthu ankamwa madzi a m'dambo, pomwe ng'ombe zinkamweranso. Dzinja lathali kolera inamulanda mwana wake wamkazi, Lufina, ali mu Sitandade 4.

Chiyembekezo analibe. M'komitimo dzanja lililonse linkayang'ana kaye dzanja la Khansala Yoramu Ngozo. Khansalayu anabadwira kwa Gwaza komweko, koma anakakwatira chikamwini kwa Nkhandwe, kwa mayi Selestina, ndipo chitukuko chonse chinamulondola kumeneko ngati mphatso za paukwati. Mijigo, msewu, ngakhale mlatho pa kamtsinje koti nkhuku imangolumpha. Anthu akwawo akadandaula, yankho lake linali limodzi: “Mtsogoleri sakondera kwawo.” Pamaliro a Lufina anapepesa pafoni.

Koma lero khansala sanali bwino. Munthu yemwe malaya ake ankasitidwa mpaka mzere wake kucheka ntchentche anabwera atavala shati yamakwinya. Maso anali psuu. Sikono lake linali pomwepo, losaluma, chinthu chomwe mamembala anali asanaonepo chiyambireni komitiyo. Sanabwerenso pa njinga yake yamoto. Anatsika pa kalole komwe tsopano kanaima pansi pa mtengo wa mango, katundu wake atamufunditsa tenti yabuluu.

Wapampando, bambo Chrispin, anawerenga mfundo ija mwachizolowezi. Mjigo ukumbidwe kwa Nkhandwe, kuseri kwa khola la mbuzi la mayi Selestina, poti mbuzizo zikuvutika. Manja anayamba kukwera.

“Ayi, a Tcheya.”

Manja anaima m'malere. Wayankhula ndani? Khansala Ngozo anadzuka, nagwira desiki ngati munthu wachizungulire.

“Tichite manyazi, abale anga. Kwa Nkhandwe mijigo ilipo yokwana. Ina ana amangoseweretsa. Koma kwa Gwaza anthu akumwera limodzi ndi ng'ombe. Munthu wolengedwa ndi Mulungu angamwe madzi amenewo? Angasambe? Usiku wathawu ine sindinagone, kuganizira mudzi umenewu.”

Msozi unatsika, weniweni, mpaka kukagwera pa kolala yamakwinya ija.

Zelesi anagwira pachifuwa. Ndiye kuti munthuyu ankamva! Misonkhano yonse ija yomwe iye ankafotokoza za Lufina khansala ali pafoni, mawu ankalowa ndithu. Anasuzumira pazenera, naona katundu uja wotukumuka pansi pa tenti. Mapaipi! Simenti! Mwamunayu wabwera atakonzeka kale. Zelesi anachita manyazi pokumbukira matemberero onse omwe ankamuthira popita kudambo m'mamawa, ndowa ili pamutu. Mumtima anapempha Mulungu amukhululukire.

Bambo Chrispin anavula magalasi, nawapukuta, nayang'ananso khansala kuti mwina ndi nthabwala. Sinali nthabwala.

“Ovomereza kuti mjigo upite kwa Gwaza?”

Manja omwe aja anali m'malere anangopitiriza ulendo wawo wokwera. Sanafunse chifukwa. Manja a m'komiti safunsa.

Khansala anali asanamalize. Anapempha kuti okumba ayambe sabata yomweyo, zodikira mwezi wamawa ayi. Za malo, iye anali atawaona kale. Kusukulu n'kutali, okalamba angavutike. Pabwino ndi pafupi ndi nyumba yakale ya malemu mayi ake, pomwe pansi pali madzi ochuluka. Izinso zinadutsa, ndipo wina anayambitsa kuwomba m'manja. Mayi wina anaimba nthungululu mpaka ana a sukulu kudzasuzumira pakhomo.

Pemphero lotsekera litatha, mamembala anathamangira kutsogolo kukasayinira alawansi. Zelesi sanapite nawo. Anapita pomwe panakhala khansala, nagwada, misozi ili chuchuchu.

“Bambo, Mulungu akudalitseni. Mwana wanga sabwerera, koma anzake apulumuka. Ine ndimakuganizirani zoipa, ndikhululukireni.”

Khansala anangogwedeza mutu, maso ali panja. Kamvuluvulu anadutsa pabwalo la sukulu, nakankha tenti ija n'kuikoleka pa nthambi ya mango. Pa kalole panalibe paipi ngakhale imodzi. Panali matiresi, masutikesi awiri, wailesi, nsapato zomangidwa pamodzi ndi linya, ndi ndowa yachitsulo.

Dalaivala anasuzumira pazenera. “Bwana, tiyeni, kwa Gwaza n'kutali. Mayi Selestina aimbanso. Akuti poti banja latha, ndowayo ndi yawo, ndibwerere nayo.”

Khansala anaweramira kwa Zelesi, yemwe anali chigwadire, nanong'ona: “Mayi, pomwe tikudikira mjigowu, madzi akumwa kumudziko mumatunga pati?”