Lona la Kumbuyo

Mwera unkawomba kuchokera kutsogolo, lona la galimoto ya nsomba litafufuma ngati phiko. Pansi pake Lusia ankataya magazi chibadwire mwana ku Nkope, ndipo chipatala chinali kutali.

"A Jaffalie, pondani!" anakuwa Mateus, mwamuna wake.

"Ndaponda mpaka pansi," anayankha dalaivalayo. "Lonalo likutikoka."

Nkhondo isanamuthamangitse kwawo ku Beira, Mateus ankakonza magalimoto a mpikisano wa liwiro. Ankadziwa kuti ukatsegula phiko lakumbuyo kwa galimoto zoterozo umapeza liwiro, koma umataya chokuteteza. Anamasula zingwe za lonalo. Galimoto inapepuka n'kuthamanga, mphepo yozizira ikumenya Lusia.

Akudutsa pa Nkopola, dzanja la Lusia linasiya kufinya la Mateus.

Mateus anamanganso lonalo bwinobwino, nafukata khandalo, kenako anagogoda padenga.

"Chepetsani, a Jaffalie. Palibenso chothamangira."